Zolemba za Kafukufuku wa Moyo ndi Mabuku a Muhammad Abduh

12 Malichi

A mlangizi anga andibwezera mutu woyamba wa kafukufukuyu, umene ukulongosola moyo wa Muhammad Abduh, katswiri wa Chisilamu wa ku Egypt, kuchokera pa kubadwa kwake m'chaka cha 1849, m'mudzi wina wa kumunsi kwa mtsinje wa Nile m'dziko la Egypt, kufikira pa imfa yake pa 11 Julayi 1905 kufupi ndi mzinda wa Alexandria. Ndinkayesa kuti mutu umenewu ndautha, popeza zaka ndi malo n'zodziwika ndipo olemba ambiri amagwirizana pa zimenezi. Abduh anakaphunzira pa mzikiti wa Ahmadi ku Tanta, anakafika ku al-Azhar, sukulu yaikulu ya Chisilamu ya ku Cairo, mu 1866, anakumana ndi Jamal al-Din al-Afghani, amene anadzakhala mphunzitsi wake, ku Cairo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, anatsiriza maphunziro mu 1877, ndipo mu 1880 anapatsidwa ntchito yoyang'anira nyuzipepala ya boma yotchedwa al-Waqa'i al-Misriyya. Kuukira boma kotsogoleredwa ndi msilikali Ahmad Urabi kutathyoledwa ndi Angelezi mu 1882, iye anapirikitsidwa m'dzikomo, ndipo mu 1884 anali ku Paris, kumene pamodzi ndi al-Afghani anatulutsa nyuzipepala ya al-Urwa al-Wuthqa, imene inangotuluka maulendo 18 n'kufa chaka chomwecho. Anabwerera kwawo mu 1888, anakhala woweruza milandu, ndipo mu 1899 anasankhidwa kukhala Mufti wa dziko lonse la Egypt, ndiye kuti mkulu wopereka zigamulo pa malamulo a Chisilamu.

Pa zonsezi a mlangizi sanatsutsepo kanthu. Chimene anachita ndi kulemba funso limodzi m'mphepete mwa tsamba lachinayi, pamene ndinafotokoza nkhani ya ku Tanta, ndipo funso lomwelo analibwereza pa masamba ena asanu: “Mwazitenga kwa yani?”

Nkhani ya ku Tanta ndi yokoma kuisimba. Mnyamatayo anakhala chaka ndi theka akuloweza malamulo a Chiarabu popanda kumvapo kanthu, mpaka anathawa n'kubwerera kumudzi ali wotsimikiza kuti adzakhala mlimi, ndipo amene anamubweza ku mabuku anali Shehe Darwish, mbale wa bambo ake wachikulire, munthu wa Chisufi, njira ya Chisilamu yotsindika za uzimu wa mumtima. Nditabwerera ku zolemba zanga kuti ndiyankhe funsolo, ndinapeza kuti mabuku onse amene ndinawerenga anatunga nkhaniyi pa chitsime chimodzi, chimene ndi masamba ochepa amene Abduh analemba za moyo wake, amene anasungidwa ndi kusindikizidwa ndi wophunzira wake Rashid Rida m'buku lalikulu la Tarikh al-Ustadh al-Imam. Gawo la bukuli limene limasimba mbiri ya Abduh linatuluka mu 1931, patapita zaka 26 mwini wake atamwalira. Ndiye kuti chimene tili nacho ndi munthu wamkulu amene akukumbukira ubwana wake pa nthawi imene anali pa nkhondo yofuna kusintha kaphunzitsidwe ka ku al-Azhar, ndipo zokumbukirazo zatifika kudzera m'manja mwa munthu wina amene analinso ndi nkhondo zakezake. Izi sizikutanthauza kuti nkhaniyo ndi yabodza, koma zandisonyeza kuti ntchito yanga yeniyeni ndi yolekanitsa mawu a mphunzitsi ndi mawu a wophunzira, ndipo mutu woyamba ndiulembanso ndi maganizo amenewa.

2 Epulo

Masabata atatu apitawa ndakhala pa Tafsir al-Manar, buku lotanthauzira Qur'an limene anthu ambiri amangolitchula ngati la Abduh. Mbiri yake ndi iyi. Rida anafika ku Cairo kuchokera kufupi ndi Tripoli, ku Lebanon ya lero, ndipo mu 1898 anayambitsa magazini ya al-Manar. Iye ndiye anaumiriza Abduh kuti ayambe kuphunzitsa tafsiri ku al-Azhar, ndipo maphunzirowo atayamba mu 1899, Rida ankakhala pakati pa omvera akulemba, kenako n'kukonza zolembazo, kuwonjezapo zake, ndi kuzitulutsa m'magazini yake. Pamene Abduh ankamwalira anali atafika pa ndime 125 ya sura yachinayi, Surat al-Nisa. Rida anapitiriza yekha kwa zaka 30 mpaka pa sura ya 12, Surat Yusuf, ndipo imfa inamupeza mu 1935 asanamalize. Pa mabuku 12 a tafsiriyi, oposa theka mulibe phunziro la Abduh ngakhale limodzi, ndipo ngakhale m'mabuku oyambirira mawu a anthu awiriwa alukana ngati nkhata.

Mwayi wake ndi wakuti Rida anali ndi chizolowezi chosonyeza malire. Akamapereka mawu a mphunzitsi wake amayamba ndi kunena kuti “al-Ustadh al-Imam anati”, ndipo akafuna kuyikapo zake amalemba liwu lakuti aqulu, kutanthauza kuti “ine ndikuti”. Ndagula zolembera ziwiri, chofiira cha Abduh ndi chobiriwira cha Rida, ndipo ndikudula mzere m'mphepete mwa tsamba lililonse limene ndasindikiza. Masamba ena amatha ali ofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ena ofiira mizere isanu yokha n'kutsatira masamba atatu obiriwira. Vuto lili pa ndime zimene zilibe chizindikiro chilichonse, ndipo zimenezi n'zambiri. Poyamba ndinkazipatsa Abduh zikandikomera ndi kuzikankhira kwa Rida zikandiwawa, mpaka ndinadzigwira ndekha ndikuchita zimenezi pa ndime ina yokamba za mitala. Tsopano ndime zoterezi ndikuzidula ndi pensulo, ndipo sindizigwiritsa ntchito ngati umboni wa maganizo a Abduh pokhapokha zitagwirizana ndi zimene iye analemba ndi dzanja lake kwina.

Chiarabu changa ndi cha m'kalasi, choncho Loweruka lililonse ndimapita kwa shehe wina wachikulire amene anavomera kumandiwerengera malo ovuta ikatha swala ya Asr. Timakhala pakhonde, iwo pampando ine pa mkeka, masamba atapanikizidwa ndi mwala kuti asauluke. Sabata yatha, atawerenga mokweza ndime ina yopanda chizindikiro, anaima n'kuchotsa magalasi, nati: “Mwananga, uyu si munthu yemwe uja. Woyamba uja amayankhula ngati akukuyang'ana m'maso, koma uyu akukuwunjikira mahadith ngati njerwa.” Khutu lawo linagwira chinthu chimene Rida mwini anavomera m'mawu ake oyamba a tafsiriyi, kuti mphunzitsi wake atamwalira iye anasintha njira n'kuyamba kuchulukitsa mahadith, amene ndi nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad, ndiponso mikangano ya akatswiri. Khutu si umboni woti n'kuulemba m'kafukufuku, koma landisonyeza malo oyenera kukumba.

19 Epulo

Sabata ino ntchito sinayende. Magetsi akhala akuzima madzulo, batire ya kompyuta yanga siikhalanso ndi moto kupitirira theka la ola, ndipo masamba 60 amene ndinakasindikiza m'tauni anatuluka ndi timadontho ta zilembo za Chiarabu titafufutika, moti ba, ta ndi nun zinkangooneka chimodzimodzi. Ndawasindikizanso pa malo ena. Chimene ndakwanitsa ndi kulemba mndandanda wa zimene Abduh analemba yekha, kuyambira pa Risalat al-Waridat ya 1874, kabuku ka unyamata wake kodzaza ndi maganizo a Chisufi ndi filosofi, kamene sikafanana konse ndi Abduh amene Rida anafuna kuti dziko limudziwe.

14 Meyi

Ndamaliza kuwerenga kachiwiri Risalat al-Tawhid, buku limene linachokera m'maphunziro amene Abduh ankapereka pa sukulu ya Sultaniyya ku Beirut atapirikitsidwa kwawo, ndipo linasindikizidwa mu 1897. Ndinkaliyesa malo otetezeka, popeza linatuluka iye ali moyo ndiponso Rida asanayambe magazini yake, koma nalonso lili ndi msampha. M'buku losindikizidwa koyambalo munali ndime yokamba za Qur'an imene timaiwerenga ndi malilime athu, yonena kuti kuwerengako ndi mawu otulukawo n'zolengedwa, ndipo ndimeyi inachotsedwa m'mabuku amene anasindikizidwa pambuyo pake pansi pa dzanja la Rida, amene ananena kuti Abduh mwini ndiye anafuna kuti ichotsedwe. Funso lakuti Qur'an ndi yolengedwa kapena ayi linagawa Asilamu kwambiri m'zaka za m'ma 800 ku Baghdad, mpaka Imam Ahmad ibn Hanbal anamangidwa chifukwa cha ilo, choncho kuchotsa ndime yotere si nkhani yokonza kalembedwe chabe. Buku limene ndakhala ndikuwerenga pa kompyuta ndi la pambuyo pake, ndipo ndinalemba masamba khumi a mutu wachiwiri ndisanazindikire zimenezi. Masamba anayi ndawataya.

Zimene zatsala m'mutuwu ndi zimene zili zolimba m'mabuku onse. Abduh amanena kuti nzeru ya munthu ndiyo imayamba kuzindikira kuti Mulungu alipo ndiponso kuti Mtumiki ndi woona, ndipo ikafika pamenepo imalandira zimene chivumbulutso chabweretsa, ngakhale zina zili zopitirira pamene iyo ingafike, koma chivumbulutso sichingabweretse chinthu chimene nzeru ikuona kuti n'chosatheka. Amanenanso kuti munthu ali ndi mphamvu yosankha zochita zake ndipo adzayankha pa izo, ndipo mdani wake wamkulu m'buku lonseli ndi taqlid.

Liwu limeneli landivutitsa masiku anayi, chifukwa ndinalonjeza kuti pambali pa kafukufuku wa ku sukulu ndidzalemba kabuku kachidule m'Chichewa. Ndinayamba ndalimasulira kuti “kutsanzira”, koma kutsanzira kumamveka ngati zochita za ana kapena za anyani. “Kutsatira mwachimbulimbuli” kukunyoza kuposa mmene liwulo limanyozera m'mabuku a malamulo a Chisilamu, mmene taqlid ndi chinthu chololedwa kwa munthu wamba amene sangathe kudzifufuzira yekha umboni. Shehe anandichenjeza pa mfundo imeneyi mwamphamvu, nati munthu amene sadziwa njira salakwa potsata wodziwa. Pakali pano ndaima pa mawu akuti “kulandira chigamulo cha akale popanda kufunsa umboni wake”, amene ndi aatali koma akunena chenicheni, ndipo ndawonjeza chiganizo chosonyeza kuti mkwiyo wa Abduh unali makamaka pa ophunzira amene ali nazo zida zofufuzira koma safuna kuzigwira.

9 Juni

Mutu wachitatu ndi umene ukundisangalatsa kuposa yonse, ndipo ndi wokhawo umene ukukhudza chigawo chathu chino cha Africa mwachindunji. Kumapeto kwa chaka cha 1903, Abduh monga Mufti anayankha mafunso atatu ochokera kwa Msilamu wina wa ku Transvaal, ku South Africa ya lero. Funso loyamba linali lakuti kodi Msilamu angavale chipewa cha Azungu pofuna kuyendetsa ntchito ndi malonda ake. Lachiwiri linali la nyama yophedwa ndi Akhristu a kumeneko, amene ankayamba akantha ng'ombe ndi nkhwangwa asanaizinge, ndiponso osatchula dzina la Mulungu. Lachitatu linali lakuti kodi otsatira madhhab (njira yomasulira malamulo a Chisilamu) ya Shafi'i angaswali kumbuyo kwa imamu wa madhhab ya Hanafi. Pa onse atatu Abduh analola. Pa chipewa anati nkhani ili pa cholinga cha wovalayo, ndipo ngati sakufuna kutuluka m'chipembedzo chake, chovala sichimutulutsa. Pa nyama anaima pa ndime yachisanu ya Surat al-Ma'ida, imene imanena kuti chakudya cha anthu amene anapatsidwa Buku n'chololedwa, ndipo anatsamira pa maganizo a Abu Bakr ibn al-Arabi, katswiri wakale wa madhhab ya Maliki wa ku Andalusia.

Apa ndi pamene munthu amaona Abduh akugwira ntchito ndi manja ake. Udindo wa Mufti ku Egypt unali womangidwa pa madhhab ya Hanafi, koma iye anadumpha mpanda n'kukatenga umboni kwa munthu wa Maliki, pofuna kupeputsa moyo wa Asilamu ochepa okhala pakati pa anthu a chipembedzo china. Adani ake anachigwira chigamulochi ngati chibonga. Ubale wake ndi Khedive Abbas Hilmi II, mfumu ya Egypt pa nthawiyo, unali utawonongeka kale, ndipo nyuzipepala zotsamira ku nyumba yachifumu zinamusambwadza kwa miyezi, kunena kuti Mufti waloleza nyama yakufa yokha. Mkanganowu unali mbali ya chimphepo chimene chinamufikitsa potula pansi udindo wake m'bungwe loyendetsa al-Azhar mu Malichi 1905, miyezi inayi asanamwalire.

Chimene ndikufuna kutsindika m'mutuwu ndi funso lachitatu lija, limene phokoso la ku Cairo linalikwirira. Ku South Africa Asilamu a ku Cape, amene makolo awo ambiri anachokera ku zilumba za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndi a Shafi'i, pamene ambiri mwa amene anachokera ku India ndi a Hanafi, ndipo migodi ya golide itatseguka magulu awiriwa anakumana m'mizikiti ya ku Johannesburg. Kwa wofunsayo, nkhani yoti ayime kumbuyo kwa yani pa swala inali ya tsiku ndi tsiku. Wowerenga wa kuno kwathu saivutikira kuimva, popeza Asilamu ambiri a ku Malawi ndi a Shafi'i, monga a ku gombe la Chiswahili kumene Chisilamu chathu chinadzera, pamene ambiri mwa anzawo ochokera ku India ndi a Hanafi. Ndinayesedwa kuti ndipitirire pamenepa n'kulumikiza Abduh ndi mkangano wa kuno wa pakati pa a Qadiriyya, amene amachita zikiri pa maliro, ndi a sukuti, amene amati pa maliro pazikhala chete, ndipo ndinalembadi ndime ziwiri. A mlangizi anazidula zonse, nati kufanana kwa mikangano iwiri sikusonyeza kuti wina unabala unzake. Ndinawawidwa mtima tsiku limenelo, koma anali olondola, ndipo ndimezo sizibwereranso.

30 Juni

Ndafika pa funso limene ndakhala ndikulizemba, lokhudza chikhulupiriro cha Abduh mwini wake. Lord Cromer, amene ankalamulira Egypt m'dzina la Britain ndipo ankamuteteza Abduh kwa Khedive, analemba m'buku lake la 1908 kuti ankamuganizira bwenzi lakelo kuti mumtima anali wokayika za Mulungu. Elie Kedourie anakulitsa ganizoli m'kabuku kake ka 1966, potsamira kwambiri pa kalata imene Abduh analembera al-Afghani ali ku Beirut. Kumbali inayi kuli Rida, amene amamujambula mphunzitsi wake ngati mwana weniweni wa njira ya Ibn Taymiyya, katswiri wakale wolimbikira kutsata Asilamu oyambirira, njira imene Rida mwini anailowerera kwambiri m'zaka za m'ma 1920 pamene ankaikira kumbuyo Ibn Saud, amene anadzakhazikitsa ufumu wa Saudi Arabia. Pakati pawo pali Albert Hourani, amene m'buku lake la 1962 anaona kuti ophunzira a Abduh anagawikana pawiri, ena kulowera ku ulamuliro wosadalira chipembedzo, ena ku njira ya Rida, ndipo onse ankati akutsata mphunzitsi mmodzi.

Maganizo anga ndi akuti Cromer ndi Rida ali ndi matenda amodzi, ngakhale akuoneka ngati otsutsana. Aliyense ankafuna Abduh wofanana naye. Cromer sankakhulupirira kuti Msilamu weniweni angakhale munthu wa nzeru zatsopano, amene anaphunzira Chifalansa ali ndi zaka zopitirira 40 ndipo mu 1903 anapita ku Brighton kukacheza ndi Herbert Spencer, katswiri wa filosofi wa ku England, choncho anamuvula Chisilamucho. Rida sankafuna mphunzitsi amene anayambira ku Chisufi ndi filosofi, choncho anachepetsa zimenezo. Ine sindilowa mumtima mwa munthu amene anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mutu wachinayi udzangosonyeza zimene mboni iliyonse inanena, nthawi imene inanenera, ndi chimene inkapindula ponena choncho. Kalata ya ku Beirut ndidzaiwerenga ndi shehe mzere ndi mzere, chifukwa kalembedwe kake ndi ka wophunzira wa Chisufi wotamanda mphunzitsi wake mopyola muyezo, ndipo munthu wosazolowera kalembedwe kotere angamvemo zimene mulibe.

Pa chifukwa chomwechi ndachotsa pa tsamba loyamba la kafukufuku mawu otchuka aja amene amayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp m'dzina la Abduh, onena za kupeza Chisilamu kumayiko a Azungu kopanda Asilamu ndi Asilamu kwawo kopanda Chisilamu. Ndinawayika pamenepo chaka chatha chifukwa amakoma m'khutu. Aliyense amene amawatchula amaloza kwa mnzake, palibe amene amaloza tsamba la buku, ndipo lamulo limene ndinaikira ndime za pensulo zija liyenera kugwiranso pa iwo.

21 Julayi

Mitu itatu yalembedwanso ndipo ili kwa a mlangizi, wachinayi uli pakati. Ntchito ya zolembera ziwiri yafika kumapeto kwa Surat Al Imran, ndipo kwatsala Surat al-Nisa mpaka pa ndime 125, zimene pa liwiro langa zitenga milungu isanu.

Pakali pano ndatsegula tafsiri ya Juz Amma, ya gawo lomaliza la Qur'an, imene Abduh analemba yekha kuti aphunzitsi a m'sukulu za bungwe lachifundo la Chisilamu limene ankalitsogolera aziigwiritsa ntchito, ndipo inatuluka mu 1904. Imeneyi ndiyo idzakhala muyezo wanga woyezera ndime za pensulo, popeza mulibe dzanja lachiwiri. Mmenemu ndi mmene muli kumasulira kwake kwa Surat al-Fil, pamene amanena kuti mbalame zimene zinagwetsera miyala gulu lankhondo la njovu zingathe kukhala za mtundu wa udzudzu kapena ntchentche zonyamula tizilombo ta matenda, ndipo kuti chimene chinagwetsa asilikaliwo chinali nthomba ndi chikuku. Loweruka lapitali shehe anawerenga ndimeyi kawiri, nakhala chete kanthawi, kenako anati sakugwirizana nayo ngakhale pang'ono, koma ndiilembe monga mmene ilili, ndisaifewetse kuti ndiwasangalatse iwo. Anandiuzanso kuti Loweruka likubwerali ndidzabwere ndi masamba a Surat al-Falaq, pamene pali nkhani ya ufiti, ndipo ndidzafike msanga chifukwa tsambalo silitha ndi ola limodzi.